Kiyi akuzungulira koma galimoto ili zii: ndiike batani?

"Bambo makaniko, ndili ndi Mazda B1800 ya petulo ya 1998, yomwe ndimanyamulira tomato ndi kabichi kuchoka ku Mbare Musika kupita ku Mufakose, kuno ku Harare ku Zimbabwe. Kwa miyezi iwiri tsopano yayamba khalidwe lachilendo. Tsiku lina ndikangokhudza kiyi imalira, tsiku lina ili zii, popanda ngakhale kaphokoso. Ndikagwedezagwedeza kiyi imavomera. Batire ndinagula latsopano mu Meyi koma palibe chinasintha. Sabata yatha inazima yokha ndikuyenda mu High Glen Road nditangogwa m'dzenje. Nyali zonse za pa dashibodi zinathima, kenako zinayakanso. Ndaonanso kuti kiyi amatentha ndikayenda nthawi yaitali. Mnyamata wina ku Siyaso, msika wa amisiri wa ku Mbare, akuti angondiikira batani lolizira, za kiyi tisiyane nazo. Mu Disembala ndikufuna kupita nayo kumudzi ku Dedza pamodzi ndi banja. Ndimumvere mnyamatayu?" Wowerenga wa ku Mufakose.

Zikomo bambo, ndipo mtima ukhale m'malo, galimoto yanu sinafe. Ngati pa masiku omwe yavomera injini imalira bwino n'kukoka katundu mpaka ku Mufakose, ndiye kuti m'kati mwake muli bwino. Chomwe chikudwala ndi njira yomwe moto umadutsa kuchoka ku batire, ndipo matenda amenewo mankhwala ake si okwera mtengo munthu akawapeza pamalo pake. Ndagwira za magetsi a galimoto zaka zoposa 30, kuyambira ndili kamnyamata kopatsira akuluakulu masipanala ku Gazaland ku Highfield. Mapikapu ngati yanuyo, omwe ambiri ankalumikizidwa konkuno ku fakitale ya ku Willowvale, ndi olimba, koma chinthu chomwe chakhala chikupotokoledwa kangapo tsiku lililonse kuyambira 1998 chili ndi ufulu wotopa.

M'kalata yanu muli mawu amodzi omwe ndawawerenga kawiri: akuti nyali za pa dashibodi zinathima pomwe injini inazima. Apa mwandithandiza kuposa momwe mukuganizira. Injini ikazima chifukwa cha mafuta, kabureta, koyilo kapena mapulagi, nyali zofiira za batire ndi oyilo zimayaka, chifukwa moto ukadalipo pa dashibodi, injini yokha ndiyo yaima. Koma zikathimira limodzi ndi injini, ndiye kuti moto wadulidwa pamalo omwe zonsezi zimamwera pamodzi. Malo oterewa si ambiri. Ndi mitu ya batire, waya wa ethi (wochoka ku negativi ya batire kupita ku bodi ndi injini), fyuzi yaikulu ya pafupi ndi batire, pulagi ya mawaya ya pansi pa chiwongolero, ndi swichi ya iginishoni yeniyeniyo. Tikaphatikiza ndi kutentha kwa kiyi komanso kuvomera kwake mukamugwedeza, ine chala changa chikuloza swichi. Komabe kuloza si kugwira. Musagule kanthu musanapime. Mwagula kale batire lomwe mwina silinali lofunika, tisabwereze.

Anthu ambiri akati swichi amaganiza za chinthu chimodzi, pomwe zili ziwiri zomangidwa pamodzi. Kutsogolo kuli chitsulo cholowamo kiyi, chomwe ife timati barrel. M'kati mwake muli timapale ta mkuwa tomwe timasuntha mano a kiyi akatikankha, ndipo ndi momwemonso muli kachitsulo kokhoma chiwongolero. Mmenemo mulibe moto. Kumbuyo kwake ndiye kuli kabokosi kapulasitiki kotuluka mawaya, komangidwa ndi sikulu imodzi kapena ziwiri. Barrel ili ndi kalilime komwe kamalowa m'kabokosika n'kukazunguliza. Kabokosi kameneka ndiko kamagawa moto malinga ndi pomwe kiyi waima: pa ACC kamapatsa wailesi ndi zina zing'onozing'ono, pa ON kamapatsa koyilo, dashibodi, mawaipa ndi fani, pa START kamapatsa solenoyidi ya sitata, kaswichi ka maginito komwe kamatsegulira sitata moto wa batire. Pa magalimoto a ku Japan mawaya ake amatchedwa B kapena AM kwa wobweretsa moto, ACC, IG wa iginishoni ndi ST wa sitata. Pa a ku Ulaya mupeza manambala: 30 wochokera ku batire, 15 wa iginishoni, 50 wa sitata. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika ku thumba lanu, chifukwa nthawi zambiri chimafa ndi kabokosi kokha, ndipo kamagulidwa pakokha, kiyi wanu n'kukhala yemweyo.

Nanga kamafa bwanji? M'kati mwake muli timilomo ta mkuwa tomwe timakhudzana mothinidwa ndi timasipuling'i. Nthawi iliyonse timilomoti tikamakumana kapena kusiyana pamathetheka kamoto kochepa. Pa START ndiye pali ntchito yaikulu, poti m'mapikapu ambiri akale mulibe rileyi ya sitata (kaswichi konyamula moto waukulu kakatumidwa ndi moto wochepa), moto wonse wokoka solenoyidi umadutsa m'swichimo, ndipo pa kamphindi koyambako umatha kuposa maampu 30. Zaka zikamapita mkuwa umada ndi kuchita timaenje. Pomwe pada moto umavutika kudutsa, povutikapo pamatentha, kutenthako kumafooketsa sipuling'i ndi kufewetsa pulasitiki, timilomo timayamba kukhudzana mwaulesi, ndiye kutentha kumawonjezeka. Chimazungulira chonchi mpaka tsiku lomwe dzenje limodzi la mu High Glen likwanira kusiyanitsa timilomoto kwa theka la sekondi. Kutentha komwe mukumva pa kiyi kukuchokera kumeneko, kukuyenda m'chitsulo cha barrel mpaka ku zala zanu.

Ndikufunseni, pa kiyi wa galimotoyo pali makiyi angati? Ambiri a ife amalonda timapachikapo wa kunyumba, wa geti, wa loko wa pa musika, chotsekulira mabotolo, ena mpaka kampeni. Mtolo umenewo ukamalendewera n'kumagwedezeka m'misewu yathuyi umadya barrel pang'onopang'ono, ndipo pa barrel yotha kale umatha kukoka kiyi kuchoka pa ON. Chotsani zonse lero lomwe, asiyeni yekha.

Tsopano kupima. Choyamba sichifuna chida chilichonse. Tsiku lomwe yachita zii, musathamangire kugwedeza kiyi. Msiyeni pa ON, muyang'ane dashibodi, kenako muyatse nyali zakutsogolo ndi kuliza hutala. Pa mapikapu ambiri a ku Japan nyali zakutsogolo ndi hutala sizidutsa pa swichi ya iginishoni. Choncho ngati nyali zikuwala bwino, hutala akulira mwamphamvu, koma dashibodi ili mdima, batire ndi mitu yake zatuluka pamlandu, watsala ndi swichi, pulagi yake kapena fyuzi yomwe imaipatsa moto. Ngati zonse zafa, nyali, hutala, dashibodi, siyani swichi, pitani ku boneti. Ngati dashibodi yayaka, potokolani kiyi mpaka START muli maso pa nyali zakutsogolo. Zikachita kuzilala kwambiri kapena kuthima, moto ukupita ku sitata koma ukuchepa, kapena sitata ikumwa wochuluka. Pamenepo ndi batire, mitu yake, ethi kapena sitata. Zikakhala chiwalire osagwedezeka n'komwe, popandanso kaphokoso ka "tha" ku sitata, ndiye kuti uthenga wa kiyi sukufika ku solenoyidi, kapena solenoyidiyo siikuumva.

Ku boneti musanyozeko, ngakhale batire ndi latsopano. Batire latsopano pa mitu yakale ya dzimbiri lobiriwira lili ngati chitsime chodzaza koma chingwe chaduka. Gwirani mutu uliwonse muyese kuupotokola ndi dzanja. Ukasuntha ndi wolakwika. Masulani, mupale mpaka chitsulo chiwale, mumange. Tsatirani waya wakuda wa ethi mpaka pomwe wamangidwa ku bodi ndi ku injini. Pa magalimoto akale waya ameneyu amawola m'kati mwa chikopa chake, kunja akuoneka wamoyo. Pafupi ndi mutu wa pozitivi pali fyuzi yaikulu, pena imakhala kabokosi, pena kawaya kofewa kopangidwa dala kuti kapse pakachitika shoti. Ikokeni pang'ono. Kawaya kotere kakatanuka ngati labala ndiye kuti m'kati kanaduka kale. Ngati muli ndi mita yopimira magetsi, batire lodzaza galimoto itagona usiku limaonetsa mavolti 12.6, la theka limaonetsa cha m'ma 12.2, ndipo polizira lisatsike kupitirira 9.6. Injini ikamalira muone pakati pa 13.8 ndi 14.4, zikachepera apo olitaneta siikutchaja, ndipo batire lanu la mu Meyi likufa ndi njala.

Mukakhutira ndi kumeneko, chotsani mapulasitiki ophimba pansi pa chiwongolero. Ndi masikulu ochepa chabe. Musanagwire mita gwiritsani ntchito maso ndi mphuno. Tsatirani mawaya ochokera kumbuyo kwa swichi mpaka pa pulagi yake, muizule, muyang'ane m'kati. Pulasitiki yofiirira kapena yopindika, mano akuda, fungo la chopsa, zonsezi ndi umboni. Kambiri ndapeza swichi ili bwino koma pulagi ndiyo yasungunuka. Muyang'anenso ngati pali dzanja la munthu lomwe linadutsapo: mawaya opotedwa ndi manja n'kukulungidwa tepi, waya wachilendo wolumikizidwa m'mbali, kabokosi ka alamu kapena ka tracker kobisidwa m'mwamba. Galimoto ya 1998 yadutsa m'manja ambiri. Oika alamu amadula waya wa IG kapena wa ST n'kuudutsitsa m'kabokosi kawo, ndipo kabokosiko kakakalamba kamachita ndendende zomwe mwalembazi, mwini galimoto osadziwa n'komwe kuti kalimo.

Kenako bwezerani pulagi, imikani pamalo abwino, giya pa nyutirolo, handibuleki mmwamba, lizani injini. Yambani kugwedeza zinthu chimodzichimodzi. Kiyi kaye: mmwamba, pansi, m'kati, kunja, osamuchotsa pa ON. Kenako gogodani kabokosi ka kumbuyo ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Kenako pulagi, kenako mtolo wa mawaya, kenako fyuzi yaikulu ndi mitu ya batire. Pomwe injini itsokomole kapena nyali ziphethire, wakuba ali pomwepo. Chinsinsi chake n'kusagwira ziwiri nthawi imodzi, ndi kuchita izi galimoto itatentha, mwachitsanzo mutangofika kuchokera ku Mbare, poti matenda a swichi amakonda kubisala m'mawa kukuzizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali msampha umodzi womwe umagwira ngakhale amakaniko. Munthu amachotsa swichi, n'kuika mita pa malo olira aja, mita n'kulira "piii", iye n'kuti swichi ndi yabwino. Mita polira imatumiza moto wochepetsetsa, woti ungadutse ngakhale pa kaulusi kamodzi ka waya. Swichi yopsa imaulola motowo mosavuta, koma ikapatsidwa maampu 20 imagwada. Swichi imapimidwa ili pantchito, ngati ng'ombe yomwe mphamvu zake umaziona ili pagoli. Chitani chonchi: injini ikulira, yatsani mawaipa ndi fani, ikani mita pa mavolti, chala chimodzi cha mita pa waya wobweretsa moto, china pa waya wa IG, mukulowetsa kumbuyo kwa pulagi osaizula. Nambala yomwe mita ionetse ndi moto womwe ukutayika m'kati mwa swichi. Yabwino imataya wochepa, cha m'ma 0.2. Ikafika 0.5 kapena kuposa, kapena nambala ikamadumphadumpha mukakhudza kiyi, mlandu watha. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa wobweretsa moto ndi wa ST wina atagwira kiyi pa START. Ngati mulibe mita, tesita ya babu ndi yabwino kuposa ya LED, chifukwa babu limamwa moto ndithu ndipo limazilala pomwe pali vuto, pomwe LED imawala ngakhale pa moto wa bodza. Mitundu ya mawaya sindikupatsani dala. Imasiyana chaka ndi chaka. Wobweretsa moto mumudziwa poti amayatsa tesita kiyi ali m'thumba, enawo muwadziwa popotokola kiyi sitepe ndi sitepe.

Kuti musiyanitse sitata ndi swichi pa tsiku la zii, pitani pa sitata. Ili ndi waya wamkulu wochokera ku batire ndi kawaya kakang'ono kochokera ku kiyi. Ikani tesita pa kakang'onoko wina akupotokola. Ikayaka mowala koma sitata ili chete, vuto ndi solenoyidi kapena mabulashi a sitata. Ikapanda kuyaka kapena ikayaka mofooka, vuto lili kumtunda, cha ku swichi kapena mawaya ake. Amakaniko timathanso kutenga waya kuchoka ku pozitivi ya batire n'kukhudzitsa pomwe pamalowa kawayako. Sitata ikazungulira mwamphamvu ndiye kuti ilibe mlandu. Koma apa ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Ndili ku Gazaland ndinaona mnyamata akuchita zimenezi galimoto ili pa giya wani, kiyi pa ON. Inalira, inadumpha, inakaima pa khoma, iye anapulumuka chifukwa anali pambali. Giya pa nyutirolo, handibuleki, mwala ku tayala, ndipo inu musaime kutsogolo.

Mayeso omaliza ndi osiyanitsa barrel ndi kabokosi. Masulani kabokosiko kumbuyo kwa barrel mawaya ali chilumikizire, mulowetse sikuludiraiva yaphwatalala pomwe pamalowa kalilime, muzungulize. Ikamalira nthawi zonse mosaphonya, kabokosi kali bwino, koma kalilime kapena barrel yatha moti siikukazunguliza mpaka kumapeto. Ikamaphonyabe, ndi kabokosi. Izi n'zopimira chabe galimoto itaima, musayende nayo choncho.

Tibwere kwa mnyamata wa ku Siyaso. Sindimunyoza, anyamata a kumeneko ali ndi manja, ndipo apulumutsa ambiri a ife pa tsiku loipa. Koma batani lakelo likuyankha theka la funso lanu, ndipo ndi theka losaopsa. Batani lolizira limalowa m'malo mwa START basi. Kuzima kwa mu High Glen kunachitikira pa ON, ndipo batani silikhudza kumeneko. Mudzalira bwino m'mawa uliwonse, mtima n'kukhala pansi, galimoto n'kudzakuzimirani muli pakati podutsa lole. Akati aikenso kaswichi kena ka ON, pabuka nkhani ya loko wa chiwongolero. Loko ameneyu amamasuka ndi kiyi yekha. Munthu akazolowera kuliza popanda kiyi, tsiku lina adzanyamuka kiyi ali m'thumba, chiwongolero n'kudzakhoma pa kona yoyamba. Ena pothawa zimenezi amathyola loko, galimoto n'kusanduka ya aliyense wodziwa pomwe pali batani, ndipo inu mumaisiya pa Mbare mdima usanathe. Onjezanipo kuti mabatani ambiri otere amaikidwa ndi waya woonda wopanda fyuzi, wodutsa pa chitsulo chakuthwa. Ndinakonzapo pikapu ina yomwe mtolo wonse wa mawaya a pansi pa dashibodi unapsa chifukwa cha waya mmodzi wotere, ndipo mwini wake analipira kuwirikiza kambirimbiri mtengo wa swichi yomwe ankaithawa. Pomaliza, galimoto yolira popanda kiyi imadzutsa mafunso pa rodibuloko ndi pa malire, ndipo inu muli ndi malire awiri oti muwoloke. Yankho langa ndi lakuti ayi, musaike. Batani ndi lofikitsa munthu kunyumba usiku, si lopita nalo ku Dedza ndi ana.

Mukapeza kuti ndi kabokosi, kasintheni. Musanagwire sikulu iliyonse chotsani mutu wa negativi pa batire, chifukwa waya wobweretsa moto ku swichi ndi wamoyo nthawi zonse, ndipo sikuludiraiva ikamukhudzitsa ku chitsulo cha chiwongolero mudzaona moto weniweni. Jambulani ndi foni momwe zinalili. Tengani chakalecho m'manja popita kukagula, kaya ndi mu Kaguvi Street kaya kwina, muyerekeze pamaso pa wogulitsa: kuchuluka kwa mawaya, maonekedwe a pulagi, kabowo ka kalilime, malo a sikulu. Dzina la galimoto lokha silikwanira, poti m'zaka zosiyana ankaika zosiyana. Zungulizani chatsopanocho ndi sikuludiraiva mumve ngati chikugwa bwino pa sitepe iliyonse ndi kubwerera chokha mwamphamvu kuchoka pa START. Yang'anani kunenepa kwa mawaya ake. Zotchipa kwambiri mawaya ake amakhala oonda, mkuwa wa m'kati wopyapyala, ndipo zimatha chaka chisanathe. Za pa sikirapu zimakhala zenizeni za ku fakitale, koma kumbukirani kuti nazonso zagwira ntchito zaka ngati zanuzo. Ngati mwasankha zimenezo, mugwirizane kuti mubweza ikakanika mayeso a mavolti aja.

Mwina mufunsa ngati simungangotsegula n'kupala. Zimatheka, ndachitapo kambiri. Mumatsegulira m'beseni kapena m'thumba la pulasitiki, chifukwa muli timasipuling'i ndi timipira tachitsulo tomwe tikadumphira pa dothi simudzationanso. Mumapala timilomo ndi sandipepa yosalala, n'kupaka girisi pang'ono wa zamagetsi, n'kutseka. Imagwira miyezi ingapo. Koma yanuyo yafika potenthetsa kiyi, kutanthauza kuti sipuling'i yafooka ndipo pulasitiki mwina yasuntha. Zimenezo sandipepa sikonza.

Ngati yatha ndi barrel, yambani mwayesa kiyi wapadera yemwe sagwira ntchito kawirikawiri, poti nthawi zina chatha ndi mano a kiyi, osati barrel. Kudulitsa kiyi watsopano pokopera wakutha n'kukopera matenda omwewo. Wokonza maloko wodziwa ntchito amatha kudula mobwezeretsa mano momwe analili, kapena kusintha timapale ta m'kati kuti kiyi akhale mmodzi ndi wa zitseko. Barrel ikamalimba musathiremo oyilo wa injini kapena girisi, zimagwira fumbi n'kusanduka phala. Ufa wa graphite ndiwo woyenera, ndipo popanda umenewo kupaka mtima wa pensulo pa mano a kiyi kumathandiza. Kusintha chonse pamodzi ndi loko ndi ntchito yokulirapo, chifukwa chimamangidwa ndi mabawuti omwe mitu yake imathyoka dala pomanga kuti akuba asamasule. Amatuluka powagogoda mozungulira ndi panchi ndi hamala, kapena powacheka kamzere koti mulowe sikuludiraiva.

Pali funso lomwe ambiri salifunsa: chinaotcha swichiyo n'chiyani? Pena ndi ukalamba basi. Koma pena pali china, ndipo mukapanda kuchipeza chidzadyanso yatsopano. Bambo wina anabwera kwa ine atasintha swichi kawiri m'chaka chimodzi, akudandaula kuti masiku ano zonse n'zabodza. Titatsegula tinapeza masipotilaiti awiri, ampulifaya ya nyimbo ndi fani yowonjezera ya rediyeta, zonse zitakoloweka pa waya wa IG. Swichi inapangidwa kuti inyamule katundu wake, osati wa mudzi wonse. Chilichonse chomwe munawonjezera chizitenga moto ku batire kudzera pa fyuzi yake ndi rileyi, swichi izingotuma rileyiyo.

Ndipo poti mwatsegula kale, ndikulangizani kuikiratu rileyi pa sitata. Ndi ya mano anayi ija, ya maampu 30 kapena 40, yopezeka paliponse. Dzino la 30 limatenga moto ku batire kudzera pa fyuzi yoikidwa pafupi ndi batirelo, 87 limapita ku solenoyidi, 86 limalandira kawaya kochokera ku kiyi, 85 limapita ku ethi. Mukatero swichi imangonyamula moto wochepera ampu imodzi pa START m'malo mwa makumi aja, ndipo solenoyidi imalandira moto wathunthu pa njira yaifupi. Ichi ndicho chinthu chabwino chomwe mnyamata uja angakuchitireni ngati mukufuna kumupatsa ntchito, bola agwiritse waya wonenepa ndi zomangira zenizeni, osati kupota ndi mano.

Kwa anzathu a dizilo omwe akuwerenga, monga a Isuzu KB ndi Hilux zakale: kwa inu waya wa IG umapatsa moto kasolenoyidi ka pa pampu ya dizilo komwe kamatsegula mafuta. Moto ukaphethira injini imazima ngati mwaizimitsa ndi kiyi, ndipo ambiri amathamangira kukatsegulitsa pampu pachabe. Mvetserani kaphokoso ka "tiki" pa pampu wina akaika kiyi pa ON. Ndipo kwa a petulo zakale kwambiri za mapoyinti, injini ikamagwira kiyi ali pa START koma n'kuzima mukangomusiya, onani kaye ballast resistor ya pafupi ndi koyilo, kachipangizo kochepetsa moto wopita ku koyiloyo, musanaimbe mlandu swichi.

Pakadali pano, bambo, galimotoyo ndi yoopsa, ndipo ndikanakonda isanyamule anthu kapena kuyenda usiku mpaka itakonzedwa. Ikakuzimiraninso mukuyenda, musabweze kiyi mpaka ku LOCK pofuna kuyambiranso, mungakhome chiwongolero. Pondani kilatchi, yatsani mahazadi omwe amagwira ngakhale kiyi atazima, mupatukire kumanzere. Mabuleki amakhala ndi mphamvu yothandizira yokwana kuponda kamodzi kapena kawiri injini itazima, kenako pedulo imauma, choncho pondani kamodzi mosalekeza m'malo mopopa, makamaka mutasenza mabokosi a tomato. Samalaninso ndi kiyi wosabwerera yekha kuchoka pa START. Mukamva kulira kwa chitsulo injini itagwira kale, mubwezeni ndi dzanja msanga, apo ayi sitata ipsa ndipo mano a fulaiwilo adyeka. Sitata ikapitiriza kuzungulira kiyi mutamuchotsa, thamangirani kuchotsa negativi ya batire. Sipanala ya 10 izikhala pafupi.

Pali pomwe muyenera kusiya n'kupita kwa wamagetsi a galimoto weniweni, osati makaniko wa injini. Mukaona utsi kapena mawaya osungunukira limodzi m'kati mwa mtolo, mukapeza fyuzi yaikulu ikupsa mobwereza, mukapeza alamu yakale yomwe simukudziwa poyambira kuichotsa, kapena mukasintha swichi koma kuzimako osatha, pamenepo pafunika munthu wokhala ndi mapu a mawaya a galimotoyo. Chiwongolero chikamachita ngati chikugwira kiyi ali pa ON, musayende nayo ngakhale mita imodzi, aitaneni abwere. Ndipo amene ali ndi mapikapu atsopanopo okhala ndi airbag asakhudze mapulagi achikasu a pansi pa chiwongolero. Pofuna kudziwa ngati mwafika kwa munthu woyenera, onani chomwe ayambe kutenga. Akatenga mita kapena tesita, khalani. Akatenga pulayala yodulira mawaya asanapime kanthu, mutsanzikeni.

Za ulendo wa ku Dedza. Kuchoka mu Harare kudutsa Mutoko mpaka Nyamapanda ndi makilomita oposa 200, kenako mulowa Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukwera cha ku Angonia mpaka Calomue, pa malire olowera ku Dedza. Tete mu Disembala ndi ng'anjo, ndipo chilichonse chofooka m'magetsi a galimoto chimaonekera pa kutentha kotero, kutali ndi sitolo yomwe ingakhale ndi swichi ya B1800. Konzetsani pofika kumayambiriro a Novembala, kuti muyende nayo milungu ingapo pa ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, m'maenje omwewo a High Glen, mukukhudza kiyi pofika kuti mumve ngati akutenthabe. M'galimoto muikemo mafyuzi, rileyi yapadera, tesita ya babu, waya wotalika mamita awiri ndi tepi. Swichi yakaleyo musataye, ipaleni muisunge m'kathumba pansi pa mpando. Kiyi wapadera apatseni mayi asunge m'chikwama chawo.